Muzu pa sikipa ya bambo

Ntchito yanga ku Bindura ndi yopeta masikipa, malaya aja ena amati tisheti. Mwana wanga wamkazi, amene ali ndi digiri, amajambula pa kompyuta, ine ndimasankha ulusi ndi kuyendetsa makina. Tapetera a mipingo, a mpira, ngakhale anyamata okumba golide ku Kitsiyatota, amene amafuna mkango pa chilichonse.

Bambo anga anachoka ku Malawi ali mnyamata, n'kukalamba akugwira ntchito pamgodi kuno. Chaka chimene ndikunenachi mutu wawo unali utayamba kutayika. Tsiku lina ankandidziwa, tsiku lina ankandipatsa moni ngati mlendo. Dzina la mudzi wawo palibe wa ife ankalidziwa. Iwo ankangoti "kumudzi", ifenso tinkangoti kumudzi, ngati kuti mudzi ulipo umodzi padziko lonse.

Lachisanu lina, ine nditapita ku Harare kukagula ulusi, bambo anatulukira kushopu kwathu pochokera kumzikiti, maganizo ali bwinobwino. Anauza mdzukulu wawoyo kuti pa Idi akufuna adzukulu onse avale masikipa ofanana, ndipo pachifuwa apetepo mudzi wawo.

Nditabwerako, mwanayo anandionetsa sikipa yoyesera, akumwetulira. Panali muzu wa mtengo, wa ulusi wofiirira, timizu tating'ono titamwazikira mbali zonse. Kunena zoona, inali ntchito yokongola, ndipo zimenezo zinangowonjezera mkwiyo wanga.

"Iwe, ichi n'chiyani?" ndinamufunsa.

"Sekuru vati mudzi, mama. Handiti mudzi ndi uwu?" anatero, kutanthauza kuti agogo anati mudzi, ndipo mudziwo si umenewu kodi?

Mwana wangayu Chichewa amachimva ndi khutu limodzi, lina lili ku Chishona. Ndipo m'Chishona, mudzi ndi muzu wa mtengo.

"Agogo ako amanena kwawo! Musha! Dzina anatchula?"

Kumwetulira kuja kunatha. "Anatchula, mama, kawiri. Ine ndimayesa ndi dzina la mtengo."

"Ndiye dzinalo ndi loti chiyani?"

Anayesa. Anati limayamba ndi "Chi", kenako anati mwina "Nka". Ndinamukalipira mpaka mayi wogulitsa tomato pakhonde anasuzumira. Digiri yonseyo, dzina limodzi kukukanika! Iye anangoyang'ana pansi misozi ili mbwembwembwe, ine mtima ukundiwawa, chifukwa masiku abwino a bambo anali atayamba kusowa.

Tinadikira tsiku lina labwino. Ndinkawafunsa m'mawa popereka tiyi, ndinkawafunsa akamaothera dzuwa. Ndinafunsanso madala a kumzikiti, koma anzawo amene anabwera nawo onse anali atagona kumanda a pamgodi. Otsalawo ankangodziwa kuti ndi munthu wa ku Machinga, ndipo Machinga si mudzi.

Idi itayandikira, mwana wanga anatenga sikipa ija n'kukagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Agogo, pepani. Mundiuzenso dzina la mudzi, ndikonze."

Bambo anasisita ulusiwo ndi chala, nthawi yaitali. Kenako nkhope inawala, ndipo anatchula dzina momveka bwino, monyadira. Mwanayo analumpha kukatenga cholembera.

Ine sindinasunthe. Dzinalo ndinkalidziwa bwino. Linali la komboni ya pamgodi pomwe ndinabadwira ine, imene anaigwetsa kalekale.

"Ndipete limeneli, mama?" anandifunsa.

Bambo ankandiyang'ana, akudikira kuti ndivomere.

"Peta," ndinatero.