Ndere za Kumgodi mu Fodya wa a Faines

Munthu akayetsemula pamsika wa Kasakula mpaka misozi kulengeza, sitinkafunsa chavuta. Tinkadziwa kuti wadutsa pabenchi ya a Faines. Amenewo ndi alamu anga, akazi a achimwene anga a Elifala, ndiye zawo ndimazidziwa mpaka zimene safuna kuti ndidziwe.

Kwawo ndi ku Dzoole, kuno ku Ntchisi anabwera pachitengwa. Sukulu sanapite nayo patali, koma pa fodya wofwenkha panalibe wowapikisa. Ankagula zinyenyeswa za fodya wa chikopa, kukazinga, kupera pamphero, monga achitira onse. Koma wawowo ukangofika m'mphuno, mayo ine, mutu wonse unkatseguka. Anthu ankapalasa njinga kuchokera ku Madisi. Achimwene anga omwe, mkulu wa mpingo wathunthu, ankazemba m'tchalitchi nthawi ya zolengeza kukafwenkha, n'kubwerera maso ali psuu, ati mawu awakhudza.

Chinsinsi chake ndinkachidziwa ine ndekha, osati chifukwa chondikonda, koma mwendo wawo utayamba kuvuta ankafuna wosenza thumba. Kuseri kwa phiri kuli maenje amene anasiya anthu okumba golide. Pamiyala ya pamenepo pamamera ndere zotuwa, zija zimakanirira pamwala ngati nkhanambo. A Faines ankazipala ndi supuni yakale, kuziyanika, kuzipera n'kusakaniza ndi fodya. Ati za kumgodi n'zaukali kuposa za kwina. Pobwerera tinkabisa thumbalo mumtolo wa nkhuni, njira yonse akundiuza kuti ndikadzaulula adzandizula lilime.

Chaka chatha tinakapeza mtsikana atagwada pamwala wathu, magolovesi m'manja, akupala ndere n'kumaika m'timajumbo. A Faines magazi anawira.

"Iwe! Wakutuma ndani? Ndi Rebeka eti?"

Rebekayo ndi mnzawo wa pamsika, amene fodya wake ngakhale khanda silingayetsemule naye.

Mtsikanayo anadzuka mwaulemu. Anati dzina lake ndi Mirriam, amaphunzira ku yunivesite ku Lilongwe, Rebeka sakumudziwa.

"Bodza la ana a masiku ano limabwera litavala magolovesi," anatero a Faines. "Ukufuna ukatsegule benchi yako m'tauni, ndakuona."

"Ayi amayi, tikukaziyeza. Ndere zilibe mizu. Zimamwa fumbi ndi madzi a mvula, ndiye zimene okumba anasiya pano, kaya ndi mtovu kaya mankhwala ankatsukira golide aja, zimasunga m'thupi mwake. Tikaziyeza timadziwa ngati malo ali ndi poizoni."

Kamwa langali lilibe chitseko. "Nanga munthu atazifwenkha?" ndinafunsa. A Faines anandiponda phazi ndi mwendo wodwala womwewo. Mirriam anaseka, kenaka anaona supuni, anaona thumba, kuseka kuja kunathera panjira.

Patapita masabata anabwera kunyumba. Anakana mpando, anakhala pamphasa pafupi ndi a Faines. Anati ndere za kumgodiko zapezeka ndi poizoni wambiri, ndipo amene akhala akuzifwenkha ndi bwino akaonedwe kuchipatala. Analonjeza kuti dzina lawo salitchula kulikonse. Achimwene anga, amene ankamvetsera pakhonde akunamizira kusoka nsapato, anangolowa.

"Amayi a Luckness, ndiye kuti zaka zonsezi mwakhala mukundithira mgodi m'mphuno?" anatero kwa akazi awowo.

"Munkakana?" anayankha a Faines. Koma mawu awo sanali a masiku onse, ine mtima unandipweteka.

Kumsika sanapiteko masiku angapo. Ine ndinawapatsa nzeru yanga, ndipo mpaka lero ndimati sinali yopusa. Ndinati angosiya kuthira ndere mwakachetechete, anthu adzangoti a Faines dzanja lakalamba, dzina lawo likhale bwinobwino.

"Ndiye amene afwenkha kalewo akapita bwanji kuchipatala, osadziwa?" anandifunsa. Ine ndinangokwiya.

Tsiku la msika anandiuza kuti ndiwagwire dzanja, anakwera pabenchi pawo. Anthu anasonkhana poganiza kuti fodya watsika mtengo. A Faines anafotokoza zonse: maenje, supuni, ndere, zimene mtsikana uja anapeza. Chinsinsi chimene ankandiopseza nacho lilime anachimwaza okha masana dzuwa likuswa mtengo, ogulitsa kaunjika omwe akumva.

Rebeka anagwira m'chiuno. "Ndere? Ndere basi? Ine kutha nsapato kwa asing'anga kufunafuna!" Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ena sanaseke. Mayi wina anataya kabotolo kake ka fodya pamapazi athu n'kulavula.

Nditawatsitsa, gulu linayamba kubalalika. Panatsala a Solomoni, bambo wachikulire amene ankagula kwa iwo chiyambire. Anatsamiritsa njinga pabenchi n'kutambasula manja awo onse awiri. Ankanjenjemera osaleka.

"Faines, zinandiyamba chaka chapitacho izi. Ndiwe?"

A Faines anawayang'ana manjawo.

"Sindikudziwa, bambo. Mwina ndine. Siyani njingayi kwa alamu angawa, ndikuperekezeni kuchipatala."