Darlene Wowerenga Chafutambuyo

Darlene Wojcik anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ku bungwe la madokotala a impso mumzinda wa Milwaukee, koma za impso sankadziwapo kanthu. Ntchito yake inali yosaka zolakwika m'timabuku tophunzitsa anthu, tisanapite kosindikiza. Ndipo ankaitha, mayi ameneyu! Kaya ndi pulofesa wotchuka bwanji, akangodumpha chilembo chimodzi pepala linkabwerera lili psuu ndi inki.

Chinsinsi chake chinali kuwerenga chafutambuyo, kuyambira mawu omaliza kukathera oyamba. Ankati ukawerenga molongosoka nkhani imakutenga, maso n'kulumpha cholakwika. Choncho iye ankangoona zilembo, tanthauzo n'kusiyira eni ake. Kabuku ka zizindikiro za matenda a impso kanasindikizidwa maulendo khumi ndi anayi, ndipo ulendo uliwonse kankadutsa m'manja mwake.

Chaka china nsapato zinayamba kumuthina. Anadzudzula opanga nsapato, n'kugula zokulirapo. Zitathinanso, anayamba kupita kuntchito atavala za mwamuna wake Vernon, dalaivala wa basi wopuma ntchito. Masana ankawodzera pa desiki, koma ankati khofi wa masiku ano ndi madzi enieni.

Timabuku totsala ankabwera nato kunyumba, poti n'tabwino kuikapo kapu. Loweruka lina m'mawa Vernon, podikira kuti mazira apse, anachotsa kapu pa kabuku ka zizindikiro kaja n'kuyamba kuwerenga mokweza, molongosoka monga achitira anthu onse.

"Kutupa mapazi. Kutopa kosatha. Mkodzo wa thovu." Anasuzumira pansi pa tebulo. "Iwe Darlene, kodi anthuwa alemba za iwe?"

"Mulibe cholakwika mmenemo. Ndinaona ndekha."

"Za zilembo ndilibe nazo ntchito. Ndikunena mapazi ali m'nsapato zangawo."

"Aaa, tadya mazira akowo, dokotala wa m'basi iwe."

Vernon sanadye. Anachita mantha, ndipo sanabise. Lolemba anaimba foni kuchipatala yekha, Darlene akung'ung'udza kuti amujombetsa.

Zotsatira za magazi zitatuluka, dokotala anawauza mosapita m'mbali kuti impso za Darlene zatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zake. Zomwe zinapita sizibwerera. Zotsalazo akazisamala, mwina sadzafika msanga pa makina osefa magazi.

"Mukanabwera zaka zitatu zapitazo bwenzi tikukamba zina," anatero dokotalayo. Kenaka anatsegula kabati n'kutulutsa kabuku komwe kaja. "Mukawerenge aka, mayi. Anakalemba bwino zedi, simupezamo cholakwika ngakhale chimodzi."

"Zikomo, adokotala," anayankha Darlene. Tisanamizane, pamawu amenewo kumtima kunakomako pang'ono.

Atalowa m'galimoto Darlene anatsegula tsamba lomaliza, mwa chizolowezi, chala chili kale pa mawu a pansi. Vernon anatambasula dzanja n'kutembenuza kabukuko.

"Yambirani uku, bwana."

Mawu oyambawo Darlene ankawadziwa bwino. Ndi omwe ankathera ntchito nthawi yoweruka, jekete lili kale paphewa, n'kungotsimikiza kuti zilembo zonse zilipo. Tsiku limenelo zinaliponso zonse, koma anaziona movutikira chifukwa cha misozi. Anali mawu amodzi okha: "Musachedwe."