Injini Imene Ndinatumiza ku Hewe

Ndinaganiza zochoka ku Hewe chaka chimene nazale yathu ya fodya inapserera tikuyang'ana. Kamtsinje kotsika ku Nyika, kamene kale kankazizira mpaka m'mafupa ngakhale mu Okutobala, kanasanduka tizithaphwi tonunkha. Mvula ikati ibwere inkabwera yaukali, kukokolola minda sabata imodzi, kenako zii. Nditauza mchimwene wanga Chawanangwa kuti ndikupita ku Joni, anangoti, "Pitani adumbu, mlongo wanga, kuno kulibe chodikira."

Ndinapitirira Joni n'kukathera mumzinda wa Kepu, pa ntchito ya m'nyumba, zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo Lamlungu linkatha osalankhula ndi munthu. Mauthenga a kumudzi anali amodzimodzi: feteleza, fizi, maliro. Palibe ankafunsa ngati ndadya. Chaka chachinayi ndinatopa nazo. Ndinagula injini yopopera madzi ndi mapaipi ake n'kutumiza pa lole, kuti Chawanangwa azithirira dimba asiye kundiimbira. Zinathekadi. M'malo mwa madandaulo ankanditumizira zithunzi za tomato.

Ndinabwerera mu Seputembala. Nditafika, m'mawa mwake ndinatsikira kumtsinje ndipo ndinapeza azimayi akukumba mumchenga, kudikira kuti madzi amatope abwere m'dzenje. Pakati pawo panali aNyaMhango, mnzanga wa kupulayimale.

"Monile, aNyaMhango."

Sanadzutse mutu. "Mwabwera kudzaona ntchito yanu?"

Ndinafunsa kuti ntchito yanji.

"Adumbu anu a Chawanangwa anatseka mtsinje ndi matumba a mchenga. Injini yanu imalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Komiti ya madzi inagawa masiku, akumtunda awo, akumunsi athu, iwo anakana. Mwana wanga anagona kuchipatala sabata ziwiri chifukwa cha madzi awa. Yewo chomene."

Ndinapita kudimba mtima ukuwira. Chawanangwa sanazimitse n'komwe injini kuti timvane.

"Mtsinje sindinaumitse ine," anatero. "Ndikatsegula pano, mukuganiza kuti a Gondwe, eni dimba la kumtundaku, atsegula? Inu munathawa, ife tinatsala. Musabwere kudzatiphunzitsa."

Ndinayenda motsatira mtsinje kuti ndikaone ndekha. Pamwamba pa dimba lathu ndinapeza malo ena atatu otsekedwa, aliyense ndi injini yake. M'magomo momwe munali mitengo munali zitsa zokhazokha. Patsinde pa phiri penipeni, pomwe palibe anatseka, madzi ankayenda ochepa ngati otuluka pampopi.

Tsiku lomwelo ndinanyamula injiniyo pa wilibala n'kuitsekera m'nyumba mwanga. Ndinati izituluka masiku okhawo amene komiti inatipatsa. Theka la tomato linauma. Chawanangwa sandilankhula mpaka lero, ndipo mlamu wanga amauza anthu kutchalitchi kuti ndinabwera ndi matama a ku Joni. Akumunsi nawonso sanandikhululukire, poti madzi sakuwafikabe. A Gondwe anangowonjezera matumba.

Kumsonkhano wa komiti ndinaimirira kunena kuti tonse titsegule, tibzalenso mitengo m'mbali mwa mtsinje. Bambo wina anafunsa wapampando ngati alendo amaloledwa kulankhula. Anthu anaseka, ine n'kukhala pansi.

Zaka zonse zija ndinkalirira mudzi wa anthu okondana. Sindinkadziwa kuti tinkagawana madzi chifukwa anali ambiri. Atachepa, ndi pamene tinadziwana.