Ufa Wachikasu wa M'nyumba mwa Bambo

Linali Lachinayi la sabata yachiwiri ya Novembala, chaka cha chilala chachikulu chija, nthawi ili 11 koloko m'mawa. Ndinali mu Sitandade 7 pasukulu ya kwathu, kufupi ndi Kabudula. Malata a kalasi ankathetheka ndi dzuwa, ndipo ambiri tinali titayamba kusinza, poti masiku amenewo tinkapita kusukulu m'mimba mulibe kanthu. Aphunzitsi athu a Jogalafe, a Kamwendo, anatikumbutsa kuti mawa lake makolo abwera kudzaona ntchito zathu. Kenako anatulutsa timapepala tisanu m'thumba la malaya. Ana asanu, aliyense abweretse kachakudya ka dziko limodzi mwa mayiko amene tinaphunzira. Ine anandipatsa Italy.

Kapepalako analemba okha ndi bolopeni. Anati maphikidwe ake anawamva kwa mdala wina amene kale ankaphikira ansembe a ku Italy. Pamwamba panali mawu akuti polenta, ndipo mzere woyamba unkati: ufa wa chimanga, wachikasu.

"Lameki, iwe wapeza yosavuta," anatero aphunzitsi. "Chaka chino ufa umenewu susowa."

Kalasi yonse inaseka. Ine sindinaseke.

Bambo anga anali mkulu wa mpingo, komanso mlimi wodziwika. Zaka zonse anthu ankabwera kudzalima ganyu kwathu, n'kubwerera ndi lichero la chimanga pamutu. Mvula itakana, boma ndi mabungwe anayamba kugawa chimanga chachikasu chochokera kunja. Tsiku lolemba mayina, Bambo anaimirira pabwalo la tchalitchi n'kunena kuti, "Kwathu kulipo pang'ono, lembani amasiye." Nthawi imeneyo ankanena zoona. Koma pofika Ogasiti nkhokwe inali itatha. Bambo anaisiya chifolerere ngati kuti mudakali chimanga, ndipo mawu awo aja sanawabweze.

Amayi ndiwo anapita kumudzi kwawo, cha ku Nsaru, kukalembetsa ndi achemwali awo. Chimangacho ankagayitsa konko, ufa n'kubwera nawo atakulunga m'chitenje ngati zovala. Unali ndi kafungo ka matumba ndi mankhwala, ndipo lilime lozolowera ufa woyera linkaukana. Tinkadyera m'nyumba, chitseko chotseka, ngakhale kutenthe bwanji. Palibe amene anatiuza kuti tisanene kunja. Tinkangodziwa. Tsopano ine ndinayenera kunyamula ufa womwewo poyera, kukauika pamaso pa makolo a m'midzi yonse yozungulira.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi akusankha nyemba pakhonde. Anawerenga kapepalako pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Phikani molimba, thirani m'mbale yosaya, dikirani chizizire, dulani ndi ulusi, kazingani m'mafuta, ikani tomato pamwamba.

"Koma uwu si mkute wokazinga?" anatero. "Anthu awoloka nyanja kudzatiphunzitsa mkute?"

Ndinawapempha kuti tiphike ndi ufa woyera. Tinali nawo pang'ono m'chitini, wosungira tsiku lobwera abusa kapena mlendo wina wolemekezeka. Amayi anakana. Anati pepala lanena wachikasu, ndipo iwo satumiza mwana kukalephera. "Tiphike," anatero. "Zoti chituluke pakhomo pano akanena ndi bambo ako."

Tinaphikira kuseri kwa khitchini, kumene odutsa m'njira sangaone. Amayi anathira phala lolimbalo m'mbale ya malata imene tinkaikamo makapu a alendo, n'kulisalaza ndi chipande chonyowa. Tinadikira nthawi yaitali kuti lizizire, ine ndikuingitsa nkhuku. Kenako anatenga ulusi wa m'bokosi lawo losokera, kugwira mbali imodzi ndi mano, ina ndi chala, n'kudula timagawo tofanana ngati sopo. Mafuta anali otsalira pansi pa kabotolo. Anawagwetsera m'chiwaya dontho ndi dontho, botolo n'kulisiya chozondoka kuti otsiriza atsike. Pepala linkatchulanso adyo ndi tchizi. Adyo tinalibe, choncho tinaika anyezi. Tchizi amayi anali asanamuonepo, ndipo anangoti amene akumufuna abwere naye. Tomato anali atatu, ang'onoang'ono, a kudimba.

Timagawo tija titayamba kufiirira m'mbali, fungo linasintha. Silinalinso la matumba lija. Linali la chimanga chootcha, ngati cha mwezi wa Malichi, m'chaka chimene Malichi anadutsa osaotcha chimanga. Mate anadzaza m'kamwa. Amayi anandipatsa kakona kopserera, ndipo ndimakumbukirabe kukhukhuta kwake mpaka lero.

Dzuwa litapendeka, Bambo anafika kuchokera kudambo, kumene ankathirira nazale ya fodya ndi madzi a pachitsime chotsala pang'ono kuuma. Anatula zitini, naima n'kuyang'ana mbale ija.

"Ichi n'chiyani?"

"Chakudya cha ku Italy, Bambo. Cha kusukulu."

Anatuma mlongo wanga kukatenga magalasi awo owerengera Baibulo. Anakhala pampando, nawerenga kapepala konse, kawiri.

"Azungu amadya chimenechi? Mwa kufuna kwawo?"

"Pepala likutero," anayankha amayi.

Anatenga kagawo kamodzi, natafuna nthawi yaitali. "Mchere wachepa, a Nabanda," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mawa kusukuluko kukakhala ndani?"

Ndinati makolo onse, ndi a komiti ya sukulu. Theka la komitiyo anali akulu a mpingo anzawo, ndipo Bambo ankadziwa zimenezo.

"Akakakufunsa kumene wachokera ufawu, ukayankha chiyani?"

Yankho ndinali nditalikonza kale m'njira yonse yochokera kusukulu, ndipo ndinkaganiza kuti liwasangalatsa. "Ndikanena kuti amalume anatigulira m'sitolo ku Lilongwe."

Bambo anavula magalasi. Sanakalipe. Anayang'ana kunkhokwe yopanda kanthu ija. Amayi anaweramira pamoto ngati akusonkhezera, koma nkhuni sanazikhudze.

"Ndiye kuti ndafika poti mwana wanga azinama chifukwa cha ine," anatero Bambo motsitsa. "Langa bodza ndalinyamula miyezi itatu. Lakwana. Iwe usanyamuleko. Akakakufunsa ukanene kuti ndi wa m'nyumba mwathu, ndi umene tikudya."

Atatero ananyamuka kukasamba. Nkhaniyo sanaitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse mpaka imfa yawo.

Masiku ano zinthu zinasintha. Chimanga chofiirira anthu amadzala okha, ndipo a zaumoyo amachiyamikira. Mwana wanga wamkazi anandionetsa polenta pafoni yake, ali m'mbale yoyera, mtengo wake woti munthu n'kugula nkhuku. Akapatsidwa ntchito ya kusukulu samapita kwa mdala wophikira ansembe, amangofunsa foniyo. Njala ikabwera, mkulu wa mpingo amaima pamzere ndi wina aliyense, ndipo mwina ndi bwino choncho. Koma ine nditakula ndinazindikira kuti madzulo aja Bambo anataya chinthu chimene anachimanga zaka makumi awiri ndi khasu, ndipo anachitaya mwadala, chifukwa cha mwana wa zaka khumi ndi ziwiri ndi timagawo ta mkute.

M'mawa mwake amayi anawonjezera kamchere, naphimba mbale ndi kansalu koyera. Ndinainyamula ndi manja awiri. Panali njira yachidule yodutsa m'minda, yopanda anthu, ndipo ndinaima kanthawi pamphambano. Kenako ndinatenga njira yaikulu, ya pamjigo.

Pamjigo panali amayi ambiri ndi ndowa zawo. Mmodzi wa iwo, a Naphiri, amene zaka zambiri ankalima ganyu m'munda mwathu, anandiitana.

"Iwe mwana wa a mkulu, wanyamula chiyani ngati mgonero?"

Anapukuta manja m'chitenje, natukula kansalu. Anayang'ana timagawo tachikasu tija, nandiyang'ana ine. Wopopa madzi anasiya kupopa.

"Kodi ufa uwu mwautenga kuti?" anafunsa a Naphiri.

"Ndi wa m'nyumba mwathu," ndinatero. "Ndi umene tikudya."

Palibe amene anaseka. A Naphiri anabwezera kansalu, nakapinda bwinobwino pansi pa mbale kuti fumbi lisalowe.

"Ukawauze amayi ako kuti Loweruka tikagayitsire limodzi pafupi pompa," anatero. "Ku Nsaru n'kutali, miyendo iwathera. Pita, uchedwa."

Ndinagwiritsa mbale yanga, ndinapita kusukulu.