Dzira limodzi, eni dziko awiri

Sekani ndithu, inu ana a mafoni. Ine ndili mwana ndinkakhulupirira kuti pansi pa madzi otentha a ku Chinyunyu pali nkhalamba yosonkha moto. Lero akazi anga aphika mazira, fungo lake landibwezera komweko.

Amalume ankati eni dziko ndi ambiri, sali ngati Mulungu wa ku mishoni amene amamva zonse yekha. Wa pakasupe ndi wina, wa m'phiri ndi wina, ndipo nsanje yawo ndi ya akazi a mitala. "Ukapatsa mmodzi, mphwanga, upatsenso mnzake."

Chaka china mlongo wanga wamng'ono anadwala, thupi kutentha ngati mbaula. Ine ndinali ndi dzira limodzi lokha. Phiri linali kutali, kasupe pafupi. Ndinadziona wochenjera: wodziwa kutenthetsa madzi sangalephere kuziziritsa mwana.

Ndinagwada m'nthunzi muja, ndinaika dzira m'madzi, n'kuomba m'manja. "Agogo, phulaniko nkhuni pang'ono, mwana akupsa." Madzi anangopitiriza kubwata. Mbalame zonse zinali zii. Nditatembenuka, phiri linali kundiyang'ana, lakuda bii, chonsecho dzuwa lili pamutu.

Ndisanafike n'kumudzi komwe, ndinamva amayi anga akulira maliro.

Madzulo ano ndakankhira mbale ya mazira kumbali, ndati mano akuwawa. Akazi anga, amene saphonya Misa, angoibweza pamaso panga.

"Idyani, bambo, musaname. Limodzi ndaika kale panja, mbali ya kuphiri."