Munthu Wonyamula Makhadi a Kazembe

Eleuterio Chiluisa analowa ntchito kwa kazembe wa dziko la Jeremani mumzinda wa Quito, likulu la dziko la Ecuador, ali ndi mano onse ndi mawondo abwino. Zonsezo zinathera komweko.

Bwana wake anali Baroni Joachim von Tressenau, mwana wa banja lachifumu, koma ufumu wotsala dzina lokha. Minda ya makolo ake inagulitsidwa nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha. Iye anatsala ndi mphete ya chidindo, msana wowongoka ndi chizolowezi chodya pa nthawi yake. Boma lake linamutumiza ku Quito mu 1921 kuti akakhale zaka zitatu, kenako linangomuiwala monga muja timaiwalira ambulera kunyumba ya eni. Anzake ankakwezedwa kupita ku Roma ndi kumizinda ina yaikulu. Iye ankawerenga mayina awo m'nyuzipepala yofika patatha miyezi iwiri, n'kuipinda bwinobwino, n'kuitanitsa khofi.

Ntchito ya Eleuterio inali yokapereka makhadi olembedwa dzina la bwana wake. Akuluakulu a nthawi imeneyo sankangogogoda pakhomo pa anzawo ngati ife. Nduna ikasankhidwa, khadi. Mkazi wa kazembe wina akachira, khadi. Maliro, khadi. Mwambo wake unali wakuti khadi lopindidwa pangodya limatanthauza kuti mwini wake wafika yekha ndi miyendo yake. Koma mtima wa Baroni sunkagwirizana ndi zitunda za Quito; akakwera masitepe khumi, befu. Choncho ankatsala m'galimoto kumunsi, masiku ena osatuluka n'komwe m'nyumba. Eleuterio ndiye ankakwera, n'kupinda ngodyayo ndi chala chake chachikulu, n'kupereka kwa wapakhomo. Aliyense ankadziwa. Mawa lake wantchito wa kunyumbako ankabweranso ndi khadi lopinda la bwana wake. Kunena zoona, ulemu wonse wa mayiko mumzindamo unkayendera mawondo a amuna khumi ndi awiri, amene ankakumana pamsika n'kumadandaulirana za nyamakazi.

Mbendera ya pakhonde inasintha kangapo, ndipo woipachika anali Eleuterio yemweyo. Itafika yofiira ija ya chizindikiro chokhotakhota, ya boma lankhanza limene linalowa ku Jeremani, Baroni anaiyang'ana nthawi yaitali ili patebulo.

"Ndikapachike, bwana?" anafunsa Eleuterio.

"Pachika. Ine ndimatumikira dziko, osati nsalu."

Mawu amenewa ankawanena kawirikawiri, ndipo chaka chilichonse ankawanena motsitsa kuposa chaka chatha. Sanatule pansi udindo, sanatsutse kanthu. Zobwera kuchokera kwawo ankangosaina. Ine sindimuyamikira pa zimenezo, ndipo sindikhulupirira kuti iye mwini ankadziyamikira.

Eleuterio ndi mkazi wake Rosaura ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya kazembeyo. Rosaura anali ndi chifuwa chosamva mankhwala, koma pakamwa pake panali pamoyo.

"Mlendo ndi mame, bambo," ankatero uku akusenda mbatata. "Mzungu wanuyu tsiku lina adzakwera sitima. Inu mudzatsala ndi chala chopindira mapepala. Tidzachiphika chalacho?"

"Zaka makumi awiri, mayi. Munawaona kuti mame okhala zaka makumi awiri?"

"Dikirani dzuwa lituluke."

Linatuluka kumayambiriro kwa 1942. Chifukwa cha nkhondo, Ecuador inathetsa ubale ndi Jeremani, ndipo Baroni anauzidwa kuti alongedze. Nyumba inali yoti itsekedwe, ndi kachipinda ka kuseri komwe. Eleuterio anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Chimene ankafuna tsopano chinali chimodzi: ntchito ina yokhala ndi pogona, mvula isanamuphere mkazi.

Koma Baroni sakanachoka osatsanzika. Analemba makhadi oposa zana, ndipo Eleuterio anayenda nawo masiku atatu. Makomo ambiri sanatseguke. Pa nyumba ya nduna ina anapeza Anselmo, wapakhomo amene ankagawana naye fodya kwa zaka zambiri. Anselmo anabisa manja kumbuyo.

"Achimwene, bwererani nalo. Andiuza kuti chochokera kwanuko ndisachikhudze."

"Ndi pepala chabe, Anselmo. Siluma."

"Chaka chino likuluma. Ndipo mukamafuna ntchito musatchule kumene munali. Akuti kuli mndandanda wa mayina. Mabwana akuopa ngakhale wophika amene anakazingirapo Mjeremani dzira."

Eleuterio atabwerera anauza bwana wake kuti onse alandira. Baroni anagwedeza mutu, osafunsa zambiri. Onse awiri anali atatopa.

Tsiku lonyamuka, Baroni anakhala pa bokosi la katundu, chifukwa mipando inali itapita, n'kulemba pamanja kalata ya masamba awiri. Anaiwerenga mokweza m'Chisipanishi chake cholimba. Inkati Eleuterio Chiluisa sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi, sananamepo, ndipo amadziwa khomo lililonse la mumzindamo ndi ulemu woyenera khomolo. Anadontheza phula lofiira n'kudinda ndi mphete yake. Kenako anamugwira chanza, koyamba pa zaka makumi awiri ndi chimodzi.

"Kalata iyi idzakutsegulira paliponse. Dzina la banja langa lili ndi zaka mazana asanu."

Chomvetsa chisoni n'chakuti ankakhulupiriradi zimenezo. Eleuterio anathokoza, ndipo misozi inalengeza, chifukwa chibadwire panalibe munthu amene anamunenerapo zabwino zotere.

Patapita masabata awiri, akugona pakhonde la mlamu wake ndipo Rosaura akutsokomola kuposa kale, anamva kuti banja lina la amalonda a nsalu likufuna wapakhomo, ndipo pali chipinda. Anavala jekete yake yakuda, kalata m'thumba la mkati, n'kukwera chitunda chimene anachikwerapo kosawerengeka. Mayi wa nyumbayo anali atamudutsapo kambirimbiri pakhonde lomwelo, koma ndani amayang'ana nkhope ya munthu wotumidwa?

"Ndinu wamkulu ndithu," anatero mayiyo. "Munagwirapo kuti ntchito?"

Eleuterio anaimva kalata ija pachifuwa. Dzanja linanyamuka pang'ono, n'kubwerera.

"Palibe, mayi. Ndinali kumudzi, kulima mbatata."

"Zaka zonsezi?"

"Zaka zonsezi, mayi."

"Kalata yaumboni ndiye mulibe."

"Ndilibe."

Mayiyo anapumira m'mwamba, namuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Ndiye kuti palibe chimene mukudziwa. Chabwino, chipinda chili kuseriko, mubwere Lolemba ndi akazi anuwo. Koma mumvetsere bwino, bambo. Kuno kumabwera anthu aulemu. Tiyamba kukuphunzitsani kulandira alendo."

"Ndiyesetsa kuphunzira, mayi," anatero Eleuterio.