Mabuku Asanu ndi Awiri Kuseri kwa Matsache

Nthawi inali itangodutsa 7 koloko m'mawa, ine ndili pakati pokolopa, pamene amisiri ankatulutsa makompyuta akale ofufuzira mabuku m'laibulale ya koleji yathu kuno ku Mbeya. Anali anayi, osuluka, a zilembo zobiriwira pagalasi lakuda. Bambo Mwaipopo, a pa desiki yothandiza owerenga, anaima pambali manja kumbuyo ngati akuperekeza maliro.

Bambowa agwira pano zaka makumi awiri ndi zitatu. Makina akalewo anali ovuta. Sunkangolemba dzina la buku ayi, unkayamba ndi timanambala ndi tizilembo timene iwo okha ankatisunga pamtima. Ndiye wophunzira aliyense ankadzera kwa iwo, kuwapatsa moni mwaulemu, ena mpaka kuwabweretsera nthochi yootcha. Iwo n'kugogoda ndi zala ziwiri, n'kutchula shelefu. Ngakhale aphunzitsi ankaima pamzere.

M'malo mwake munabwera makompyuta asanu ndi atatu a intaneti, pamodzi ndi Tumpale, mtsikana wongomaliza kumene maphunziro a zamabuku. Pa atsopanowa umalemba liwu limodzi lokha, mayina a mabuku n'kutuluka mbwee, n'kukuuzanso ngati buku lilipo kapena labwerekedwa. Akuluakulu ananena poyera: pakutha pa mwezi, pa desiki pakhala wodziwa makina atsopano, winayo apita pakhomo kukalandira zikwama.

Tumpale atafuna kuwaonetsa makinawo, Bambo Mwaipopo anakana anthu akuona. "Taonani, amake Gwamaka," anandiuza tsiku lina, akuloza ndi mlomo. "Mzere wonse uli kwa kamwana kamene kanabadwa ine ndili kale pano. Nanga kakuseka chiyani? Mano ndiye ntchito?"

"Bambo, si mungopita akakuonetseni?"

"Ine? Kuphunzitsidwa ndi mdzukulu? Kolopani apo, mwasiya madzi."

Sabata yachiwiri kunayamba madandaulo. Makina akuti buku lilipo, pashelefu palibe. Bambo Mwaipopo ankalankhula mokweza kuti aliyense amve: "Ndinanena ine! Zimanama izi!" Tumpale ankayendayenda m'mashelefu mpaka maso kufiira. Tiyi wake ankazizira osamwedwa.

Lachisanu m'mawa ndinalowa m'kachipinda kanga ka matsache kukatenga sopo. Kuseri kwa chigubu ndinapeza mabuku asanu ndi awiri, atakulungidwa m'nsalu imene tinkavundikira makina akale aja. Makiyi a kachipindako tili nawo anthu awiri basi, ine ndi Bambo Mwaipopo. Ine ndili ndi mwana woyamwa, ndipo katundu akapezeka pamalo pako safunsa zambiri.

Tsono kompyutayo ndinali nditaidziwako pang'ono. Tumpale anandionetsa tsiku lina ndikupukuta fumbi, ndipo ndinkafufuzirapo za phala la ana. Ndinayatsa imodzi, n'kulemba mayina a mabukuwo limodzilimodzi. Onse akuti alipo. Bambo Mwaipopo anandipeza ndili pomwepo, mabuku ali pamiyendo.

"Bambo, awa akapezeka muja, wakuba ndi ine. Munaganizako zimenezo?"

Sanayang'ane n'komwe mabukuwo. Maso anali pagalasi.

"Walemba ndani apo?"

"Ine."

"Inu? A sitandade 7 inu?"

"Ine ndemwe."

Anavula magalasi awo, kuwapukuta, kuwavalanso. "Kodi nanunso kanakuphunzitsani? Ndiye kakuphunzitsa ndi okolopa omwe, ine ndili pomwepa?"

"Munakana nokha, bambo."

"Ndinakana pagulu. Kanalephera kubweranso pambali?"

Ndinaseka ngakhale ndinali wokwiya. Tinanyamula mabukuwo, iwo patsogolo ine pambuyo. Lililonse ankalilowetsa pamalo pake osawerenga nambala, dzanja lokha likudziwa njira. Kupepesa sanapepese, koma buku lomaliza analipukuta ndi mpango wawo nthawi yaitali. Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti mwezi uthe.

Titabwerera, anaima pa kompyuta ija, n'kukhudza mausi ndi chala chimodzi ngati akuyesa kutentha kwa simbi.

"Amake Gwamaka, Lolemba mulawirire, tisanatsegule. Mudzandionetse kagwiridwe ka kanthu aka, pang'onopang'ono, osandiseka. Koma kamtsikana kaja kasamve. Kakadzafunsa, mudzati ndinadziwa ndekha."